Galu wa abwanawo ndi mmbulu?

Achimwene, mwafunsa ngati galu wa abwana anu ku Randburg ndi mmbulu weniweni poti usiku amalira "uuuu" m'malo mouwa, komanso ngati n'zoona kuti muzimugwetsa chagada kuti adziwe wamkulu ndani.

Mmene mwafotokozeramo, maso abuluu ndi mchira wopindikira kumsana, ameneyo ndi husky, galu wochokera ku Siberia amene eni ake ankamukoketsa katundu pa chipale chofewa. Mmbulu ukakula maso ake amakhala achikasu, mchira umalendewera pansi, miyendo ndi yaitali, ndipo yambiri imalemera makilogalamu 30 mpaka 50. Kwawo ndi ku Ulaya, Asia ndi North America. M'tchire la South Africa muno mulibe. Mimbulu ija yamawangamawanga imene anaibweretsanso ku Liwonde ndi ku Majete mu 2021 ndi mtundu wina.

Kulirako musaope. Agalu onse anachokera ku mimbulu zaka zoposa 15,000 zapitazo, ndipo husky sanausiye mwambo umenewu. Mimbulu imalira poitanizana ikabalalikana posaka, kapena pochenjeza gulu lina kuti dera ili lili ndi eni ake. Pamalo poyera mawuwo amatha kufika makilomita 10. Galuyo akulira chifukwa watsekeredwa yekha mumpanda, akufuna anzake.

Zomugwetsa chagadazo ndiye ayi, musayese. Maganizo oti m'gulu la mimbulu muli mfumu imene imalamulira ndi mano anachokera kwa katswiri wina wa nyama, Rudolf Schenkel, amene m'ma 1940 ankaona mimbulu yosadziwana itaikidwa pamodzi kumalo osungira nyama ku Basel, m'dziko la Switzerland. Nanga alendo okhaokha mutawapanikiza m'chipinda chimodzi angalephere kukangana? Katswiri wa mimbulu David Mech, amene poyamba anatchukitsa maganizowa, anadzawatsutsa mu 1999 ataiona bwino mimbulu yakutchire. Gulu ndi banja basi: bambo, mayi ndi ana awo a zaka zosiyanasiyana. Imaswa kamodzi pachaka, bere limatenga masiku pafupifupi 63, ndipo ana anayi mpaka asanu ndi mmodzi amabadwira kuuna ali osaona. Akulu akabwera kosaka amabzikula nyama kuti tiana tidye, ndipo ana a chaka chatha amathandiza kulera. Akafika chaka chimodzi mpaka zitatu, ambiri amachoka okha kukayamba banja kwina. Makolo amatsogolera chifukwa ndi makolo, osati chifukwa anapambana ndewu.

Choncho galu mukamupanikiza pansi, chimene amaphunzira ndi mantha, ndipo galu wamantha ndi amene amaluma. Ngati mumupatsa chakudya ndinu, muziyamba mwamuuza kuti akhale pansi kenako n'kuika mbale. Azolowera msanga.

Chimene muyenera kusamala nacho ndi geti. Husky ndi wothawathawa, amakumba pansi pa mpanda, ndipo mphaka kapena nkhuku ya aneba akaiona saisiya. Afunseninso abwanawo ngati analandira katemera wa chiwewe, poti amene mumakhala naye tsiku lonse ndinu.