Kodi kompyuta ikundibera? Za timu yosagonja mu Football GM

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnzathu wina yemwe amagwira ntchito ya ulonda ku Johannesburg, ndipo usiku ukamatalika amacheza ndi Football GM pa foni. Kwa amene simuidziwa, imeneyi ndi gemu yaulere ya pa intaneti yomwe anapanga Jeremy Scheff, mwini wake wa Basketball GM. Simuthamanga ndi mpira ayi. Inu ndinu bwana wa timu ya mpira wa ku America: mumasankha osewera, mumasainitsa makontrakiti, mumasinthana anthu ndi matimu ena, kenako kompyuta imasewera masewerowo n'kukupatsani zotsatira. Kalatayo ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi:

"Achimwene, ligi yanga yafika sizoni ya 19. Timu ya Baltimore, yomwe ikuyendetsedwa ndi kompyuta, yatenga chikho kasanu pa masizoni 8 apitawa, ndipo kawiri konse yandichotsa ine ndisanafike mu fainolo. Pa draft ndimasankha bwino, ndalama sindimwaza, koma anthu amenewa sakugwa. Kodi gemuyi siikubera? Ngati siikubera, nditani, kapena ndingoyamba ligi ina?"

Achimwene, ligiyo musaifufute. Zomwe mwafotokozazi zimachitika popanda kubera kulikonse, ndipo mutha kudzionera nokha. Yambitsani ligi ina yoyeserera, muitsegulire Auto Play kuti kompyuta iyendetse matimu onse kwa masizoni 40 kapena 50, inu osakhudza kanthu. Mukatsegula mbiri ya akatswiri mudzapeza kuti penapake pali timu yomwe inakhalira chikho zaka zingapo, pomwe munalibe munthu woti imubere. Zonena kuti gemu ikudana nanu zikathera pamenepo.

Koma funso lanu ndi lomveka, chifukwa mpira wa ku America anaukonza dala kuti timu imodzi isamalamulire. Ife tinakula ndi mpira wa miyendo, momwe wandalama amagula osewera abwino n'kupitiriza kupambana. Bullets itatenga TNM Super League kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, anthu anadandaula koma palibe anadabwa kwenikweni. Ku NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America, zinthu n'zosiyana. Matimu alipo 32, ndipo chaka chilichonse pa draft, pomwe amagawana achinyamata ochokera ku makoleji, timu yomwe yachita moipa kwambiri ndiyo imayamba kusankha, pamene yotenga Super Bowl, fainolo ya ligiyi, imasankha pomalizira. Pamwamba pa apo pali salary cap, malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera ake onse pa chaka. Malirewa anayamba mu 1994 ali madola 34.6 miliyoni, ndipo mu 2024 anali 255.4 miliyoni, ofanana kwa aliyense. Ukapambana, osewera ako amakwera mtengo, ndalama sizikwanira onse, ena amapita. Magemu ngati Football GM ndi Front Office Football, yomwe Jim Gindin anatulutsa koyamba mu 1998, amatengera malamulo omwewa.

Ndiye Baltimore yanu yadutsira pati? Tsegulani tsamba la osewera ake. Musayambe ndi kuwerenga mayina onse, pitani pa quarterback, yemwe amalandira mpira poyamba n'kuuponya uja. Onani nambala yake ya ovr, yomwe imasonyeza luso lake lonse, onani msinkhu wake, kenako muyerekeze ndi ma quarterback a matimu ena 31. Ndikukhulupirira mudzapeza kuti ali pamwamba penipeni, mwinanso wasiya wachiwiri wake patali. Kenako pitani pa mbiri yake muone chaka chomwe anayamba kusewera ngati woyamba, muchiike pambali pa chaka chomwe zikho zinayamba kubwera. Nthawi zambiri zaka ziwirizi zimayandikana kwambiri moti nkhani yonse imathera pomwepo.

M'masewero amenewa palibe malo ena olemera ngati amenewa. M'bwalo mumakhala anthu 11 mbali iliyonse, koma mpira umadutsa m'manja mwa quarterback pafupifupi nthawi iliyonse timu yake ikamaukira. Draft ndi salary cap zimatha kumwaza osewera ena onse, koma munthu mmodzi timu ikhoza kumusunga zaka 15 ngati ikufuna. Komanso quarterback amachedwa kutha poyerekeza ndi othamanga ndi mpira, omwe ambiri akamafika zaka 30 mawondo amakhala atatopa. New England Patriots inatenga Super Bowl kasanu n'kamodzi pakati pa sizoni ya 2001 ndi ya 2018, ndipo inafika mu fainolo maulendo 9. Pa nthawi yonseyi osewera analowa n'kutuluka ambirimbiri, otsala anali quarterback Tom Brady ndi kochi Bill Belichick. Brady yemweyo anasankhidwa pa nambala 199 mu draft ya 2000, kutanthauza kuti matimu onse, a Patriots omwe, anamudumpha kangapo. Ngati anthu odya ndalama za ukatswiri wosankha osewera anamupeza mwangozi chonchi, n'chiyani chingaletse kompyuta kutola wake mwangozi? Atachoka mu 2020, Patriots inapambana masewero 7 n'kugonja 9, pamene iye anakatenga chikho china ndi Tampa Bay ali ndi zaka 43.

Apa ndi pomwe ine ndimasiyana ndi anthu omwe amati kompyuta ya m'magemuwa ndi yochenjera. Si yochenjera. Imayang'ana manambala a wosewera, msinkhu wake ndi kontrakiti yake, n'kumuika mtengo. Ilibe mantha, ilibenso dyera la mbiri. Koma kupusa komweko nthawi zina kumaithandiza: ikapeza munthu wa manambala apamwamba imangomusunga, siitengeka ndi sizoni imodzi yoipa, siimugulitsa chifukwa chotopa naye. Ife anthu ndi amene timagwedeza timu yabwinobwino chifukwa tagonja mu semifainolo ndi mapointi atatu.

Chachiwiri choti muone ndi tsamba la ndalama la Baltimore. Werengani osewera angati mwa oyamba ali pa kontrakiti yawo yoyamba, yomwe anasaina atangosankhidwa pa draft. Amenewa ndi otchipa, ndipo timu ikagwera anayi kapena asanu abwino nthawi imodzi imakhala ngati ikusewera ndi salary cap yaikulu kuposa anzake. Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi Seattle Seahawks. Anatenga quarterback Russell Wilson mu raundi yachitatu ya draft mu 2012, pa kontrakiti ya zaka zinayi yosafika ndi madola 1 miliyoni pa chaka. Ndalama zomwe matimu ena ankathira pa quarterback, iwo anazimwaza pa timu yonse, ndipo mu February 2014 anakwapula Denver 43-8 mu Super Bowl. Chaka chotsatira anafikanso mu fainolo n'kugonja 28-24 kwa Patriots. Mu 2015 Wilson anasaina kontrakiti ya madola 87.6 miliyoni, otchinga kumbuyo awo nawonso anayamba kufuna zawo, ndipo ndi Wilson sanabwererenso ku Super Bowl. Timu inakhalabe yabwino, koma bilu inali itafika.

Palinso mwayi, womwe anthu safuna kuumva. Mu ndime yachipulula ukagonja kamodzi basi wapita. Tiyerekeze kuti timu ndi yamphamvu moti pa masewero 10 aliwonse ndi matimu anzake apamwamba ingapambane 7. Kuti itenge chikho ikufunika kupambana katatu motsatizana, ndipo masamu ake amapereka pafupifupi 34 pa 100. Kuchita zimenezi zaka zitatu zondondozana ndi 4 pa 100 yokha. N'chifukwa chake palibe timu yomwe inatengapo Super Bowl katatu motsatizana. Pittsburgh inatenga kanayi m'zaka za m'ma 1970, Dallas katatu pa masizoni anayi kuyambira 1992, koma zitatu zondondozana zinawakanika. Kansas City Chiefs inafika pakhomo penipeni mu February 2025, Philadelphia n'kuithambitsa 40-22. Mbali inayo kuli Buffalo Bills, yomwe inafika mu fainolo kanayi motsatizana kuyambira sizoni ya 1990 n'kugonja konse. Choncho zikho zisanu za Baltimore yanu ndi mphamvu ndithu, koma ziwiri mwa izo mwina zinangogwera mbali yawo. Ligi yomweyo mukanaibwereza, mwina akanatenga zitatu ndipo simukanandilembera kalata.

Tsopano pali china chomwe mwina simuchikonda. Mwanena kuti mumasankha bwino komanso mumasamala ndalama, ndipo sindikukayika. Koma amene amasewera magemuwa mwaluso amakonda kudyera matimu ofooka: kuwalanda achinyamata awo abwino, kuwapatsa nkhalakale zotha ntchito, kusunga ma quarterback awiri kapena atatu abwino pa benchi kuti ena asawapeze. Mukachita zimenezi kwa masizoni 19, ligi imatsala ndi zimphona ziwiri, inu ndi timu imodzi yomwe simunathe kuibera. Baltimore imadutsa m'gulu lake ngati ikuyenda pamsewu wa tala, imamaliza pamwamba, imapuma raundi yoyamba, imasewera pakhomo mpaka kumapeto. Yang'anani mbiri ya kusinthana kwanu. Ngati matimu omwe ali m'gulu limodzi ndi Baltimore ndi omwe mwakhala mukuwakama, ndiye kuti mbali ina ya ufumu umenewu mwamanga ndinu.

Nanga mutani? Njira yachidule ilipo. Gemuyi ili ndi God Mode, momwe mungathe kutsitsa manambala a quarterback wawo kapena kumukokera ku timu yanu mwamphamvu. Ine sindingakulangizeni. Mukatero mudzatenga chikho usiku womwewo, ndipo pofika sabata yamawa ligiyo idzakhala itakutopetsani, chifukwa chomwe chinkakudzutsani kuti museweremo sizoni ina chinali Baltimore yomweyo.

Njira yeniyeni ikuyamba ndi kumanga timu yolimbana ndi iwowo, osati yongooneka bwino pa pepala. Matimu a quarterback wamkulu amagwa akamuthinitsa asanaponye. New York Giants inagonjetsa Patriots 17-14 mu February 2008, pomwe Patriots inali itapambana masewero onse a sizoniyo, ndipo Brady anamugwetsa kasanu mpira uli m'manja. Philadelphia inagwetsa Patrick Mahomes, quarterback wa Kansas City, kasanu n'kamodzi mu fainolo ya 2025 ija. Ndiye ngati ndalama zanu zadzaza pa othamanga ndi mpira, zisamutseni. Thirani pa amzere wakutsogolo othamangitsa quarterback ndi pa otchinga olandira mpira. Wothamanga ndi mpira wabwino mutha kumupeza m'maraundi apakati pa draft pafupifupi chaka chilichonse.

Kenako phunzirani kalendala yawo. Lembani papepala chaka chomwe makontrakiti a osewera awo asanu apamwamba akutha, ndi msinkhu wa quarterback pa chaka chimenecho. Padzakhala sizoni yomwe atatu akutha nthawi imodzi ndipo salary cap siingawanyamule onse. Munthu amaona zimenezi zisanafike n'kudula msanga. Kansas City itapatsa Mahomes kontrakiti ya zaka 10 ya madola 450 miliyoni mu 2020, inadziwa kuti siingalipire aliyense, ndipo mu March 2022 inatumiza katswiri wake wolandira mpira Tyreek Hill ku Miami posinthana ndi mwayi wosankha kangapo pa draft. Ambiri anati yadzipha, koma inatenga zikho ziwiri zotsatira ndi achinyamata otchipa kumbuyo. Kompyuta kawirikawiri siidula chonchi. Imasunga yemwe ali ndi nambala yaikulu lero, ena n'kuwataya ulere kontrakiti ikatha. Chaka chimenecho inu mukhale ndi malo pansi pa salary cap, kuti omwe akutayidwawo agwere kwa inu. Mukawatenga mwadzilimbitsa komanso mwawafooketsa ndi kontrakiti imodzi.

Kachenjerero kena, komwe ine ndimakaona kuti n'kololeka chifukwa mabwana enieni amachitanso, ndi kugula malo a Baltimore a raundi yoyamba ya draft a zaka zikubwerazo. Panopa kompyuta ikuwaona ngati malo otsika, a kumapeto kwa raundi, chifukwa timuyo ikupambana, ndipo timu yomwe ikulimbira chikho imafuna wosewera wothandiza lero kuposa mwana wa mawa. Apatseni nkhalakale yabwino ya zaka 30 yomwe inu simukanaisainitsanso. Quarterback wawo akadzatsika kapena kupuma, malo aja adzasanduka a pamwamba, ndipo amene akanadzalowa m'malo mwake adzakhala wanu. Dzipatseni malire nokha, mwina kusinthana kotere kamodzi pa sizoni, apo ayi mubwerera ku vuto lokama ligi lija.

Ndipo matimu a m'gulu la Baltimore asiyeni apume. Mukakhala ndi quarterback wachiwiri wabwino yemwe akungotenthetsa benchi, mugulitseni kwa mmodzi wa iwo pa mtengo woyenera. Akawalanda masewero awiri okha pa sizoni, malo oyamba akhoza kukhala anu, ndipo ulendo wachitatu mudzakumana nawo pabwalo lanu, iwo atasewera kale gemu imodzi yowonjezera.

Mukandiyankha, munditumizire zinthu zitatu: msinkhu ndi ovr ya quarterback wawo, zaka zomwe zatsala pa kontrakiti yake, ndi malo omwe muli nawo pansi pa salary cap. Ngati ali ndi zaka 34 kupita m'mwamba, konzekerani masizoni awiri akubwerawa ndipo musamwaze malo anu a draft. Ngati ali ndi 27, kudikira sikuthandiza, yambani kusaka othamangitsa quarterback pa draft ikubwerayi.