Chifukwa chake Ceylon inasiya mapaundi n'kutenga rupiya

Achimwene, mwafunsa kuti Sri Lanka inakhala bwanji ndi rupiya pomwe inkalamulidwa ndi Angerezi, eni mapaundi. Mapaundiwo anayesedwa ndithu, koma sanagwire.

Angerezi atalanda madera a m'mphepete mwa nyanja kwa Adatchi mu 1796, anapeza ndalama yotchedwa rixdollar, yambiri ili ya mapepala ndi ya mkuwa, ndipo mphamvu yake inkangotsika. Mu 1825 boma la ku London linalamula kuti maiko onse amene linkawalamulira aziwerengera ndalama m'mapaundi, masheleni ndi mapeni. Ku Ceylon, dzina la chilumbachi nthawi imeneyo, rixdollar imodzi anaiika pa sheleni imodzi ndi mapeni 6.

Lamulolo linagwira m'mabuku a boma, koma kumsika kunali nkhani ina. India ali pakhomo penipeni, kungowoloka kanyanja. Mpunga wambiri umene anthu ankadya unkachokera kumeneko. Minda ya khofi itakula kumapiri a ku Kandy, ogwira ntchito anali Atamil ochokera kummwera kwa India, ndipo munthu amene wasiya banja kwawo amafuna malipiro amene akagulire chakudya akabwerera. Sheleni akanapita nayo kuti? Obwereketsa ndalama ambiri, a mtundu wa Chettiar, analinso a ku India komweko. Choncho rupiya ya siliva ndiyo inkayenda m'manja, pomwe akalaliki a boma ankalemba mapaundi. Ine chimandiwawa ndi chakuti pa kusinthasintha koteroko woluza amakhala wosadziwa kuwerengera, wolipidwa m'ndalama ina n'kukhoma msonkho wowerengedwa m'ndalama inanso.

Boma linagonja mu 1869, pamene linavomereza rupiya kuti ilandiridwe pa ngongole ya mlingo uliwonse. Kuyambira mu 1872 rupiyayo inagawidwa m'masenti 100, pomwe ku India ankaigawabe mu anna 16.

Mavuto sanathere pomwepo. Ndalama za mapepala zinkasindikizidwa ndi mabanki a anthu wamba, ndipo yaikulu inali Oriental Bank Corporation. Banki imeneyi inakongoza kwambiri eni minda ya khofi, ndiye chiwawu cha masamba chimene chinaoneka mu 1869 chinawononga mindayo chaka ndi chaka mpaka ngongole zinasiya kubwezedwa. Mu Meyi 1884 bankiyo inatseka zitseko. Taganizani munthu amene wagwira ntchito mwezi wathunthu, m'thumba muli mapepala amene wogulitsa mpunga sakuwafuna. Bwanamkubwa Arthur Gordon analengeza kuti boma lidzalipira mapepalawo, ndipo pamenepa ndimamuyamikira, chifukwa ovutika akanakhala osauka. Chaka chomwecho anakhazikitsa lamulo loti ndalama za mapepala zizitulutsidwa ndi bungwe la boma losunga chuma chozichirikiza. Dongosolo limeneli linakhalapo mpaka mu 1950, pamene Central Bank of Ceylon inayamba ntchito, dziko litalandira kale ufulu mu 1948.