Sukulu yatsekedwa, aphunzitsi ali zii: kholo lingayembekezere chiyani?

Sabata ino ndalandira imelo yaifupi kuchokera kwa mayi wina amene mwana wawo ali Sitandade 3. Sukulu yatsekedwa, tsiku lotsegulira silikudziwika, ndipo kusukuluko kuli zii. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndiyembekezere chiyani kuchokera kwa aphunzitsi nthawi ngati ino? Ndikawaimbira foni sindioneka wovuta?"

Amayi, mwatokosa chilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola. Mundipirire pang'ono, ndiyambe ndi zanga.

Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa sukulu pafupifupi dziko lonse lapansi, mwana wanga wachisamba anali atangoyamba kumene kuwerenga osaloza ndi chala. Masabata oyambirira kwa iye chinali chisangalalo, holide yabwera msanga. Kenako sukulu inatsegula gulu la pa WhatsApp, ndipo mavuto anayambira pamenepo. Usiku uliwonse kunkabwera zithunzi za masamba a buku, zina zopendekeka, zina zachimbuuzi, pansi pake pali mawu akuti makolo muwathandize ana. Foni pakhomo inali imodzi, ndipo m'mawa inkapita nane kuntchito. Madzulo ndikabwerako ndili wefuwefu, mwana akusinza, tinkakhala pansi kukopera m'kope zimene zinali pa kagalasi ka foni. Tikamaliza ndinkajambula n'kutumiza. Yankho silinkabwera. Ntchito inkangopita, osabwerako.

Mwana amaona zinthu msanga kuposa mmene akuluakulu timaganizira. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Kodi aphunzitsi amaziona zimenezi?" Ndinangoti kakasi. Kuyambira pamenepo kope linasanduka mdani. Ndikalitulutsa, mutu unkamuwawa, mimba inkamupota, pensulo inkasowa yokha.

M'gulu lija namo munali chipwirikiti. Makolo ena ankalamula kuti aphunzitsi aziphunzitsa pa vidiyo kuyambira m'mawa mpaka masana, popeza ndalama analipira. Ena ankayankha kuti bandulo yoti mwana aonere vidiyo tsiku lonse aitenga kuti. Ena ankangotumiza mapemphero, ndipo panali bambo wina amene anaona kuti gululo ndi malo abwino otsatsirapo malonda ake. Aphunzitsi aakulu ankawerenga zonsezo, timizere tiwiri tabuluu tinkaonekera ndithu, koma sankayankha kanthu.

Zinasintha tsiku limene foni inalira masana a Loweruka. Anali mphunzitsi wamkazi wa pasukulu yomweyo, wosakhalanso wa kalasi ya mwana wangayo. Atandipatsa moni anati ndimupatse mwana foniyo. Anamufunsa kuti awerenge chilichonse cholembedwa chimene akuchiona pafupi, ndipo iye anawerenga mayina a miyezi pa kalendala ya pakhoma, akukakamira pa Febuluwale. Anamupatsa samu imodzi yochotsera, n'kudikira mpaka ataipeza. Pomaliza anati, "Ndikuimbiranso Loweruka likubwerali, undiwerengere nkhani yonse." Ndipo Loweruka lotsatiralo anaimbadi. Mwana amene ankabisa pensulo anayamba kundivutitsa Lachisanu usiku kuti foni ndaitchaja kapena ayi.

Nthawi imeneyo ndinkangoti tachita mwayi ndi mphunzitsi wamtima wabwino. Pambuyo pake ndinamva za kafukufuku amene bungwe la Young 1ove linachita ku Botswana m'chaka chomwecho. Mabanja ena ankawatumizira samu zochepa pa SMS sabata iliyonse. Ena ankalandira SMS yomweyo, kuwonjezapo foni ya mphindi pafupifupi 20 yochokera kwa mlangizi amene ankalankhula ndi kholo komanso mwana. Pamapeto pake ana amene ankaimbiridwa foni anapita patsogolo pa masamu, pamene SMS payokha sinasinthe zinthu kwenikweni. Sanafunikire kompyuta kapena intaneti. Kafoni kamabatani kanali kokwanira, bola kumbali inayo kukhale munthu womvetsera mwana akulakwitsa.

Apa ndiye pali maganizo anga, ndipo ena andikwiyira. Kutumiza ntchito kwa mwana wa pulayimale popanda munthu woichonga n'kumuuza pamene walakwitsa si kuphunzitsa. Ndi kudziteteza kwa sukulu, kuti mawa ikafunsidwa idzanene kuti ife tinkatumiza. Sukulu imene imatumiza masamba khumi patsiku osabweza ngakhale limodzi ikuchita zochepa kuposa imene imatumiza samu zitatu pasabata n'kuimba foni kufunsa kuti zayenda bwanji.

Makolo enanso tili ndi maloto athu olakwika. Timaganiza kuti ana a m'maiko olemera, okhala ndi laputopu aliyense, sanataye kanthu. Ku England, kumayambiriro kwa 2021, boma linachita kulamula kuti sukulu zizipereka maphunziro akutali a maola atatu patsiku kwa ana aang'ono kwambiri a pulayimale ndi maola anayi kwa okulirapo. Pa pepala n'zokongola. Koma taonani za ku Netherlands, dziko limene pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi intaneti yothamanga. Kumeneko sukulu zinatsekedwa masabata asanu ndi atatu okha mu 2020, ndipo akatswiri atayerekeza zotsatira za mayeso anapeza kuti ana a pulayimale anaphunzira zochepa kwambiri, mwinanso osaphunzira kanthu, pa nthawi yonse imene anali pakhomo. Amene anatsalira kwambiri ndi ana a makolo osapita patali ndi sukulu. Ngati zinavuta kumeneko, ndani angatiuze kuti vidiyo ya maola anayi ipulumutsa mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amene akulimbirana foni ndi abale ake? Ndipo tisaiwale kuti bungwe la UNICEF linanena mu Ogasiti 2020 kuti ana osachepera 463 miliyoni, mwana mmodzi mwa atatu aliwonse apasukulu padziko lapansi, analibe njira iliyonse yofikira maphunziro akutaliwo, kaya a pa intaneti, a pa TV kapena a pa wailesi.

Za wailesi ndinenepo pang'ono, chifukwa ndimaikonda. Ku Sierra Leone, Ebola itatseketsa sukulu mu 2014 mpaka Epulo 2015, boma linkaulutsa maphunziro pa wailesi, ndipo Covid-19 itafika anangoyambiranso zimene ankazidziwa kale. Wailesi imafika kumene intaneti sifika, ndipo imathandiza kuti tsiku la mwana likhale ndi mutu ndi mchira: nthawi yakuti timakhala pansi kumvera phunziro. Koma wailesi sidziwa kuti mwana wasokonezeka. Imangopitirira kulankhula iye atasiya kalekale kumvetsera. Choncho ngati sukulu yakuuzani kuti ana azimvera wailesi basi n'kusamba m'manja, ntchito yawo sanaimalize.

Musandimve ngati ndikunyoza aphunzitsi. Mchemwali wanga ndi mphunzitsi, ndipo ndinaona mmene zinalili kwa iye: ana ake omwe ali pakhomo akufuna chisamaliro, kalasi yake ili ndi ana ochuluka moti kuimbira aliyense kukanamutengera masiku, mayunitsi ndi a m'thumba mwake, ndipo manambala a makolo ambiri sukulu inalibe n'komwe. Palibe amene anamuphunzitsa kuphunzitsa pa foni. Mphunzitsi amene ankaimbira mwana wanga uja ndinadzamva kuti ankachita zimenezo mwa kufuna kwake, palibe anamutuma. Chimenechi ndiye chimandipsetsa mtima mpaka lero. Chinthu chimene chinathandizadi chinadalira chifundo cha munthu mmodzi, pamene chinayenera kukhala dongosolo la sukulu yonse. Mlandu umenewu ndi wa aphunzitsi aakulu, eni sukulu ndi akuluakulu a maphunziro, amene anayenera kugawa ana kwa aphunzitsi, kupereka mayunitsi, n'kumafunsa sabata iliyonse kuti ndi ana angati amene sanapezeke.

Komabe nkhondo yaikulu, amayi, sili pa miyezi imene sukulu yatsekedwa. Ili pa tsiku limene idzatsegulidwe, ndipo makolo ambiri tsiku limenelo timangopuma n'kuyamika kuti zatha.

Mu Okutobala 2005 chivomezi chachikulu chinagwedeza kumpoto kwa Pakistan. M'madera amene anakhudzidwa kwambiri sukulu zinatsekedwa pafupifupi masabata 14. Patapita zaka zinayi, akatswiri atayesa ana a m'madera amenewo anapeza kuti anali m'mbuyo ndi chaka chimodzi ndi theka kapena kuposerapo poyerekeza ndi anzawo okhala kutali ndi kumene kunachitika chivomezicho. Miyezi itatu inabala bwanji chaka ndi theka? Kufotokoza kumene akatswiriwo anapereka n'kwakuti ana anabwerera ali m'mbuyo, koma silabasi inapitirira ngati palibe chachitika. Zili ngati basi imene yanyamuka mwana akadali pasiteji: akamathamangira, iyo ikuwonjezera liwiro. Mwana amene anaphonya kuchotsera kobwereka akakumana ndi kugawa kwakutali amangokhala duu, chaka chotsatira chimodzimodzi, mpaka amadzitcha yekha mbuli.

Maiko anayesa njira zosiyanasiyana, ndipo palibe imene inali yopanda minga. Ku Kenya, mu Julaye 2020, nduna ya maphunziro George Magoha inalengeza kuti chaka chimenecho chatayika ndipo ana adzabwereza kalasi, ngakhale pambuyo pake boma linasintha n'kupanikiza materemu kuti libweze nthawiyo. Ku Uganda ana ambiri anakhala pakhomo pafupifupi zaka ziwiri, ndipo sukulu zitatsegulidwa pa 10 Januwale 2022 anawakweza kalasi imodzi kuchokera pamene anasiyira. Tangoganizani mwana amene anasiya asanadziwe bwino zilembo, akupatsidwa buku la kalasi yotsatira. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inayerekeza mu 2022 kuti m'maiko osauka ndi apakatikati, ana 70 mwa 100 aliwonse a zaka khumi sangathe kuwerenga ndi kumvetsa kankhani kosavuta, kuchoka pa 57 mliri usanafike. Onani nambala yoyambayo, 57. Vuto linalipo kale, kutseka kwa sukulu kunangolikulitsa.

Njira yothandiza ilipo ndipo si yachilendo. Bungwe la Pratham ku India linayambitsa kaphunzitsidwe koyamba n'kuyesa mwana payekha kwa mphindi zochepa, kuona ngati akudziwa zilembo, mawu, chiganizo kapena nkhani yathunthu, kenako n'kuika ana m'magulu motengera pamene afika, osati zaka zawo kapena kalasi yawo. Ku Zambia sukulu za boma zimachita zomwezi m'pulogalamu yotchedwa Catch Up. Sukulu iliyonse ingathe kuchitako zotere kwa masabata angapo oyambirira. Chimene chimalepheretsa ndi liuma lofuna kumaliza silabasi, ndi mantha oti makolo adzadandaula akamva kuti mwana wawo wa Sitandade 4 akuwerenga ndi a Sitandade 2. Makolofe tilinso ndi gawo pamenepa. Timakonda kumva kuti mwana wakwera kalasi kuposa kumva zoona.

Ndiye mufunse chiyani?

Imbani, amayi, simukhala wovuta. Koma imbirani aphunzitsi aakulu, mwaulemu, ndipo ngati n'kotheka mugwirizane ndi makolo anzanu angapo kapena mudzere ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi, chifukwa mawu a gulu savuta kumveka. Muli ndi ufulu wodziwa njira imodzi yodalirika imene uthenga wa sukulu uzidzera, ndi kuti muzimva kuchokera kwa iwo kangati, ngakhale uthengawo ukhale wakuti palibe chatsopano. Pemphani dzina la mphunzitsi amene akuyang'anira mwana wanu ndi nthawi imene mungamupeze. Pemphani ntchito yochepa, makamaka kuwerenga ndi masamu, imene mwana angaichite popanda intaneti ndipo ichongedwe n'kubwezedwa. Funsani ngati mabuku angabwerekedwe kuti mwana akhale nawo pakhomo. Ndipo funsani kuyambira panopa kuti sukulu ikadzatsegulidwa adzawayesa bwanji ana asanapitirize silabasi.

Musayembekezere tsiku lathunthu la maphunziro, kapena kuti mphunzitsi aziyankha mauthenga usiku, kapena kuti akuuzeni tsiku lotsegulira, chifukwa nthawi zambiri amene amagamula zimenezo si iwo.

Ngati sukuluyo ndi yolipira ndipo akufunabe fizi, funsani kuti alembe zimene azipereka pa ndalamazo. Aphunzitsi ayenera kulandira malipiro ngakhale geti lili lotseka, apo ayi sukulu idzatsegulidwa popanda aphunzitsi, koma ndalama za zinthu zimene sizikuchitika, monga mayendedwe a ana, mukhoza kukambirana.

Pakhomopo, mwana wa Sitandade 3 akamawerenga mokweza kwa mphindi 20 patsiku, wina akumumvetsera, n'kuchitako samu zingapo pa nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, zakwana. Womvetserayo akhoza kukhala mkulu wake kapena agogo ake, ngakhale osadziwa kuwerenga, bola azimufunsa kuti nkhaniyo yatha bwanji.