Thalakitala yakale kapena quad pokoka nkhuni za bulugamu

Achimwene, mwati muli ndi munda wa bulugamu wa mahekitala 6 ku Dedza, mbali ina ndi yotsetsereka, ndipo kuchoka kumunda kukafika pomwe lole imatha kuima pali makilomita atatu. Ndalama zilipo za chinthu chimodzi: Massey Ferguson 135 yakale, kapena quad ya 500cc, njinga yamoto ya matayala anayi ija. Gulani thalakitala, bola ikhale yoti mwaiyesa mokwanira musanapereke ndalama. Chifukwa chake chagona pa kulemera kwa nkhunizo.

Bulugamu wongodula kumene amakhala wodzaza madzi. Mendulo imodzi (mulu wa nkhuni wosanjidwa mita imodzi mbali zonse) yaiwisi imalemera makilogalamu 600 mpaka 700, ikauma bwino imatsika kufika cha m'ma 400 kapena 450. Quad ya msinkhu umenewo payokha imalemera makilogalamu pafupifupi 300, ndipo opanga amalola kuti izikoka kuyambira 385 mpaka cha m'ma 600 malinga ndi mtundu wake. Chiwerengero chimenecho chikuphatikiza ngolo yomwe, komanso nchapamalo athyathyathya. Ngolo yachitsulo ikadya 150, chotsala sichikwana mendulo imodzi yaiwisi. Pa za Honda ndi Yamaha, kulemera kololedwa kutsamira pa chokolekera ngolo ndi makilogalamu pafupifupi 15 okha, ndiye mukapakira nkhuni zambiri kutsogolo kwa ngolo mwapyola kale malire.

Kukoka imakoka ndithu, ogulitsa akhoza kukuonetsani ikunyamuka ndi ngolo yodzaza. Vuto limabwera potsika. Katundu wa makilogalamu 700 ali kumbuyo kwa makina a 300, ngolo ilibe mabuleki, nthaka ili ndi masamba ouma a bulugamu omwe amaterera. Mukaponda buleki matayala amangokhukhuluzika, ngolo imakankha matako a njinga kupita pambali, kenako zonse zimagubuduka, wokwera ali pansi. Pokwera chitunda chinanso chimavuta ndi lamba. Ma quad ambiri amayendetsedwa ndi lamba wa rabala m'malo mwa magiya wamba, ndipo mukamakoka katundu wolemera pang'onopang'ono muli pa giya yothamangira, lambayo amaterereka, kutentha ndi kupsa. Mumayamba kumva fungo la rabala, kenako njinga imanjenjemera ponyamuka. Lamba wotere simumupeza pa golosale ya masipeya iliyonse.

Werengerani maulendo. Ngati mumagulitsa mendulo 100 pachaka, quad ikamatenga imodzi youma pa ulendo ndi maulendo 100 a makilomita 6 kupita ndi kubwera, pa petulo. Thalakitala ikamatenga zitatu ndi maulendo 34, pa dizilo wa malita atatu kapena anayi pa ola.

MF 135 inapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1975. Ya dizilo ili ndi injini ya Perkins ya masilinda atatu, malita 2.5, mphamvu ya mahosi pafupifupi 45, ndipo imalemera tani imodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Ubwino wake ngwakuti ilibe kompyuta, amakaniko omwe anagwirapo m'maesiteti a fodya ndi tiyi amaidziwa, ndipo masipeya ake akupangidwabe mpaka lero. Ngolo yoyenera ndi ya matayala awiri, ekiselo ili chakumbuyo, chifukwa gawo la katundu limatsamira pa matayala akumbuyo a thalakitala nkuwonjezera kugwira kwake. Kutsogolo kwa thalakitala kumapepuka, choncho mangani zitsulo zolemera makilogalamu 80 mpaka 100 pamphuno. Matayala akumbuyo thirani madzi mpaka pa valavu itaimikidwa pamwamba, pafupifupi magawo atatu a magawo anayi. Kwathu kuno madzi saundana m'tayala, ndiye madzi wamba akwanira.

Musaganize kuti thalakitala ndi yosaopsa. Imapha anthu ambiri pa ntchito yomweyi yokoka zipika, ndipo imawapha m'njira imodzimodzi. Munthu amakoleka tcheni pamwamba, pa top link (mkono wapamwamba wokolekera pulawo) kapena kuzunguliza ekiselo, nkuyamba kukoka. Mutu wa chipika umakodwa pa chitsa. Matayala akumbuyo sangapite patsogolo, koma injini ikupitirizabe kuzunguza, ndiye thalakitala imakwera pa ekiselo yake yomwe, mphuno nkunyamuka. Pasanathe sekondi imodzi yafika posabwerera, pa sekondi imodzi ndi theka yagwa chagada. Phazi silifika pa kilatchi m'nthawi imeneyo. Tcheni ikolekedwe pa drawbar yokha, chitsulo chokokera chomwe chili pansi pa ekiselo. Mutu wa chipika uzinyamulidwa pang'ono kuti usalime pansi, koma osaukweza kupyola ekiselo. M'munda wa bulugamu zitsa zili paliponse, ndipo ndi zomwe mukudalira kuti ziphukire, choncho njira yabwino ndi kudula zipika mita imodzi imodzi pomwe mtengo wagwera nkupakira m'ngolo, kusiyana ndi kukhwekhwereza mitengo yathunthu pakati pa zitsa.

Ma 135 ambiri omwe ali kuno alibe chitsulo chotchingira woyendetsa ikagubuduka. Pamunda wotsetsereka ngati wanu chimenechi chikhale m'bajeti kuyambira pachiyambi, pamodzi ndi lamba wa pampando. Chikhale chopangidwira thalakitala imeneyi, chomangidwa pa ekiselo ndi mabawuti ake. Mapaipi a madzi owotcherera pa msika amapindika tsiku lomwe akufunika. Mabuleki ali kumbuyo kokha ndipo mapedulo ndi awiri, wakumanja ndi wakumanzere. Pokoka ngolo alumikizeni ndi kachitsulo kake, apo ayi mukaponda amodzi thalakitala imakhotera mwadzidzidzi. Giya sankhani muli pamwamba pa mtsetse, yomwe mukanakwerera nayo, ndipo musaponde kilatchi mpaka mutafika pansi. Kwerani molunjika, tsikani molunjika, osadula phiri chammbali ngolo ili yodzaza. Pambali yotsetsereka ija, ngolo yopanda mabuleki pamodzi ndi katundu wake isapose kulemera kwa thalakitala: mendulo ziwiri zouma, yachitatu mukaonjezere pansi. Ndipo anyamata opakira asakwere pa madigadi kapena pamwamba pa nkhuni, ayende pansi.

Tsopano poyesa. Pitani m'mawa, muuze mwini wake asailize musanafike, ndipo gwirani injini ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Perkins yabwino imalira msanga osathiridwa mankhwala olizira polowera mpweya. Utsi woyera pang'ono polira ndi wabwinobwino, koma wa buluu wosatha ukutanthauza kuti ikudya oyilo. Ikatentha onani paipi yopumira injini pambali: ikamafuka kwambiri kapena kudontha oyilo, maring'i atha. Tsegulani redieta isanatenthe, ilizeni, muone ngati madzi akuchita thovu, chizindikiro cha gasiketi yopsa. Oyilo wa magiya ndi hayidiroliki ndi mmodzi, malita pafupifupi 30, ndipo akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi a mvula akhala akulowera pa marabala ong'ambika a ndodo za magiya. Kolekani pulawo kumbuyo, inyamuleni, zimitsani injini. Ikatsika yokha m'mphindi zochepa, pampu kapena silinda ya hayidiroliki yatopa. Kilatchi yake ndi ya masitepe awiri: mukaponda mpaka pansi, PTO, shafuti yakumbuyo yoyendetsera makina ena, iyenera kulowa osakukuta. Suzumirani mkati mwa malimu akumbuyo, mukaona oyilo ndiye kuti masilo a ekiselo akudontha ndipo mabuleki anyowa, omwe pa mtsetse ali ngati palibe. Gwedezani chiwongolero ndi matayala akutsogolo kuti mumve kulobodoka. Matayala akumbuyo, kawirikawiri 12.4-28, funsani mtengo wake musanakambirane za mtengo wa thalakitala, chifukwa awiri atsopano amadya gawo lalikulu la ndalama zanu. Ming'alu yakuya m'mbali mwake ndi chifukwa chokwanira chotsitsira mtengo.

Mukagula, sinthani oyilo yense ndi mafyuluta, tsukani thanki. Dizilo wa m'zigubu amabwera ndi madzi ndi fumbi, ndipo pampu ya mainjekita ndi yomwe imavutika. M'nkhalango redieta imatsekeka ndi masamba, choncho ipukuteni tsiku lililonse, ndipo ikani sefa yachitsulo kutsogolo kuti nthambi isaiboole.

Mathalakitala ang'onoang'ono a ku Japan monga Kubota, Yanmar ndi Iseki a mahosi 15 mpaka 25 amakopa chifukwa ambiri amakoka ndi matayala onse anayi, pomwe 135 imakoka ndi akumbuyo okha ndipo imatitimira m'matope. Koma ambiri anapangidwira minda ya mpunga, ndi opapatiza komanso opepuka, ena safika tani imodzi. Musanatenge yotere, lembani nambala ya injini mukafunse kaye ngati fyuluta, pampu ya madzi ndi kilatchi zikupezeka.

Quad ili ndi malo ake. M'lifupi ndi pafupifupi mita 1.2, ndiye imalowa m'mizere yothithikana pomwe thalakitala ya mita 1.6 kapena kuposa ingaswe zitsa, ndipo matayala ake ofewa saononga nthaka m'mphepete mwa dambo. Kwa munthu wodula mendulo khumi kapena makumi awiri zapakhomo pamalo osatsetsereka, komanso woyendera munda kuona moto ndi akuba, ndi yokwanira. Yanu ndi bizinesi, ndipo thalakitala nkhuni zikatha imalima, imakoka chimanga ndi njerwa, PTO yake, yozungulira ka 540 pa mphindi, imayendetsa macheka kapena makina otongolera chimanga, anthu nkumalipira. M'mizere yothina, tsegulani njira imodzi pa mizere isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu iliyonse, nkhuni zizisonkhanitsidwa m'mbali mwa njirayo pamanja kapena ndi ngolo ya ng'ombe.

Dulani mvula ikangosiya, cha mu Epulo kapena Meyi. Wazani zikadali zaziwisi, chifukwa bulugamu akauma nkhwangwa imangodumpha. Sanjani pa mitengo iwiri yogoneka kuti zisakhudze dothi ndi chiswe, lambulani udzu mozungulira chifukwa cha moto wolusa, ndipo tutani kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala nthaka ili gwa, pomwe gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera latha kale ndi dzuwa. Lole isananyamuke, katengeni chilolezo chonyamulira nkhuni ku ofesi ya zankhalango ya boma lanu, ngakhale mitengoyo ndi yodzala nokha, chifukwa pa rodibuloko adzachifuna.