Yankho: Kenneth Grahame, mlembi wa ku banki

Achimwene, mwafunsa ngati munthu wogwira ntchito ku banki angalembedi nthano za ana. Angathe ndithu. Taonani Kenneth Grahame, wobadwira ku Edinburgh mu 1859. Ankafunitsitsa kukaphunzira ku Oxford, koma abale ake anati ndalama palibe, ndiye mu 1879 analowa ntchito ku Bank of England. Anakwera mpaka kukhala mlembi wamkulu wa bankiyo mu 1898.

Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti buku lake lotchuka, The Wind in the Willows, linachokera m'nthano zimene ankafotokozera mwana wake Alastair pogona. Linatuluka mu 1908, chaka chomwe anasiya ntchito. Mwanayo anamwalira mu 1920, bambo ake mu 1932.