Ukulota mutu wa sitima, koma ntchito ili kunsi kwa mabogi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa ku Bangwe. Akuti: "Ndalemba MSCE kawiri. Ulendo wachiwiri ndinapeza mapointi 27 koma dzina silinatuluke ku yunivesite. Bambo akuti ndibwerezenso kachitatu kuti ndidzakhale akauntanti ngati mwana wa anzawo a kutchalitchi. Ine mtima wanga uli pa sitima. Nditapita kwa azakhali ku Liwonde ndinaona sitima ya malasha ikuwoloka Shire, mabogi osatha kuwerenga, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimangolota ndikuiyendetsa. Ndilowere khomo liti? Chino ndi chaka chachiwiri ndili pakhomo."

Mphwanga, makalata ngati akowa ndawerenga ambiri. Chimasintha ndi chokwera chokha: wina ndege, wina thiraki ya ku Beira, iwe sitima. Nonse mumafuna mpando wakutsogolo. Ndiye tiye tiwerenge mabogi amene ukuti sawerengekawo.

Sitima ya malasha imene unaiona imanyamuka ku Moatize m'chigawo cha Tete, kulowa m'dziko muno chakumadzulo, kudutsa pa Nkaya ndi Liwonde, n'kutulukira pa Nayuchi kupita ku doko la Nacala. Ku Limbe kwanuko sifikako n'komwe. Imakoka mabogi ofika 120. Bogi iliyonse ili ndi mawilo 8, ndiye kuti mawilo 960 pa sitima imodzi, osawerengera a mitu yake. Oiyendetsa ndi angati? Ukawawerenga ndi dzanja limodzi zala zina zitsala. Tsono undiuze wekha kumene kukufunika manja ambiri.

Komanso kuyendetsa sitima si ngati minibasi yoti ulipira sukulu ya madalaivala, miyezi iwiri watenga laisensi. Kampani ya njanji imaphunzitsa yokha anthu ake, ndipo kawirikawiri imayamba ndi amene ali kale m'kati, amene atha zaka akulumikiza ndi kumasula mabogi m'yadi. Munthu wochokera pa khonde la bambo ake sangokwera n'kukhala pa mpando umenewo.

Ndili mwana tinayandikana nyumba ndi mkulu wina amene ankagwira ntchito yoyendera mabogi m'yadi ya ku Limbe. Chida chake chinali hamala ya mpini wautali. Sitima ikaima, iye ankayenda m'mbali mwake kuyambira kumutu mpaka kumchira, wilo lililonse akuligogoda kamodzi. Wilo labwino limalira ngati belu la kusukulu, ngwee. Long'aluka limangoti khu, ngati wamenya mphika wosweka. Akatero ankayandikiza kuseri kwa dzanja pa bokosi la bering'i, m'mene ekiselo (chitsulo cholumikiza mawilo awiri) imazunguliramo, kuti amve ngati likutentha. Bering'i ikauma girisi imatentha mpaka kudula ekiselo, ndipo bogi imodzi ikachoka pa njanji imagwetsa zinzake. Ankalemba ndi choko pa bogi yodwalayo, ndipo ikalembedwa siinkapita kulikonse, kaya mwini katundu akalipe bwanji. Masiku ano kuli zida zoyezera kutentha ndi ming'alu yobisika m'chitsulo, koma chidacho chimafunabe munthu wodziwa chimene akuyang'ana.

Bogi imaoneka ngati chibokosi chabe. Siili choncho. Tenga mabuleki. Paipi ya mpweya imayenda kuchokera kumutu mpaka ku bogi yomaliza. Mpweya ukadzaza m'paipimo mabuleki amamasuka, ukatsika amagwira. Anakonza dala choncho kuti sitima ikaduka pakati, paipi n'kuthothoka, zigawo zonse ziwiri ziime zokha. Kalabala kamodzi kotha pa cholumikizira kakhoza kuchititsa kuti mabuleki a bogi ina azikhula njira yonse. Wilo likakokedwa losazungulira limaphwatalala mbali imodzi, n'kumamenya njanji ngati munthu wosinja. Lotero amalichotsa n'kukalisema pa makina kuti libwerere m'chimake. Njanji yathu ndi ya mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwirizo, ndipo mlomo wa wilo, umene umaligwira kuti lisachoke pa njanji, ukadyeka kupyola muyezo, pa mphambano ya njanji limakwera pamene siliyenera kukwera. Apa ndi pomwe masamu amene umawathawa ku Fomu 3 amakupeza.

Ndipo bogi ya malasha si bogi ya chakudya. Ya malasha ndi yapululu pamwamba, chitsulo chake chimakhulika ndi katundu, ndipo malasha onyowa amachidya ndi dzimbiri, choncho owotcherera sapuma. Ya tirigu kapena chimanga mdani wake ndi madzi. Kabowo koti sungapisemo chala padenga, m'mwezi wa Januwale, kuchokera ku Nacala kufika ku Blantyre matumba a pansi pake achita nkhungu. Bogi imene yatsitsa feteleza uyenera kuitsuka bwinobwino usanaikemo chakudya cha anthu. Ya mafuta ndiye ina: ukayatsa moto wowotcherera pa thanki imene sinachotsedwe mpweya wa petulo, nkhani yako timva pa wayilesi.

Tsono khomo limene ukufunsa ndi ili. Phunzira luso la zitsulo. General fitting, welding and fabrication, zamagetsi kapena umakaniko wa injini za dizilo. Zamagetsizo usazipeputse, chifukwa mutu wa sitima umagwiritsa injini ya dizilo kupukusa jenereta, ndipo chimene chimazunguza mawilo ndi mamota a magetsi. TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, imalengeza malo a m'makoleji a zaluso, ndipo mapointi ako 27 kumeneko si manyazi, bola Masamu, Chingerezi ndi Physics zikhale zooneka. Soche Technical College ili ku Limbe komweko, minibasi imodzi kuchokera kwanu. Pita ukafunse maphunziro amene akupereka panopa. Ngati amene ukufunawo kulibe, makoleji ena ali ku Nasawa, ku Lilongwe, ku Salima. Ukadzafuna digiri ya mechanical engineering, yunivesite ya MUBAS ili pa Chichiri ndipo siisamuka. Koma udzapiteko utadziwa kale kulemera kwa sipanala.

Ndisakunamize kuti ukamaliza kampani ya njanji idzakuthamangira. Njanji m'dziko muno ndi yaifupi ndipo olemba ntchito ndi ochepa. Central East African Railways inatenga njanji kuchokera ku Malawi Railways mu 1999, ndipo njira ya kumwera, imene inabweretsa sitima yoyamba ku Blantyre mu 1908, inaduka pamene madzi anakokolola njanji pa Chiromo mu 1997. Malasha nawo amayendera mitengo ya kunja. Kampani ya Vale, imene inamanga njanji yatsopano ya sitima ya malasha ija, inagulitsa mgodi wa Moatize pamodzi ndi gawo lake la njirayo kwa kampani ya Vulcan mu 2022. Eni amasintha, ntchito zimatseguka n'kutsekeka. N'chifukwa chake ndikukukankhira ku luso osati ku dzina la kampani. Wodziwa kuika bering'i ndi kuwotcherera chitsulo chokhuthala amadya ku fakitale ya shuga ku Nchalo, m'mafakitale a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, ku Makata, ku Chirimba, ngakhale ku migodi. Woyendetsa sitima akachotsedwa ntchito amakayendetsa sitima ya ndani?

Tsopano kwa inu bambo, poti ndikudziwa kuti mwanayu akuwerengerani. Kubwereza kachitatu n'kufuna chiyani? Mwalipira kale mayeso kawiri. Mwanayu sanakuuzeni ngakhale tsiku limodzi kuti akufuna kuwerengera anthu ndalama. Mukufuna tayi kuti mukamatuluka m'tchalitchi muzikhala ndi choyankha anzanu aja akamatchula mwana wawo. Ovolosi ya girisi ikukuchititsani manyazi, koma galimoto ikakuferani pa Kudya mumaitana yemweyo wa ovolosiyo, n'kumutchula kuti bwana. Ndalama ya sukulu yobwerezayo mugulireni nsapato zolimba, magalasi owotcherera ndi bokosi la masipanala.

Nawenso mphwanga usasangalale kuti ndakalipira bambo ako. Zaka ziwiri uli pakhomo wachita chiyani? M'kalata yako yonse sindinaonemo kuti unapitapo ku siteshoni ya Limbe kukafunsa ngakhale funso limodzi. Unaona sitima kamodzi pa mlatho, basi, zaka ziwiri ukulota. Ku Ndirande ndi mu Limbe muli amisiri owotcherera mageti ndi mawindo pa ngodya iliyonse. Pita kwa mmodzi, umugwirire chitsulo, umusesere, mpaka akupatse ndodo yowotcherera. Miyezi itatu ikukwanira kuti udziwe ngati maso ako ndi msana wako zikugwirizana ndi ntchitoyi. Ambiri amathawa sabata yoyamba, kuwala kwa moto wowotcherera kukawapweteka maso, usiku n'kumalira ngati awathira mchenga.

Ndipo wina akakulembera pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti ali ndi malo ku njanji, ungotumiza kangachepe ka fomu, ameneyo ndi wakuba. Usamuyankhe.

Chimodzi ndikuyamikire, ngakhale monyinyirika: pa anyamata onse amene amandilembera, ndiwe mmodzi mwa ochepa amene anatchula mabogi. Ena amangoona mutu. Ngati mpando wakutsogolowo sukuchokabe mumtima, ulowere kunsi kwa bogi, ukakhale m'kati, malo ophunzira kuyendetsa akadzatuluka udzakhale woyamba kumva. Koma usanawononge zaka zina, pita kuchipatala akakuyeze maso. Oyendetsa sitima amayezedwa ngati amasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, ndipo pali anyamata amene amadzazindikira tsiku la mayesolo kuti mitundu iwiriyi amaiona mofanana. Ukayezetsa, ndiponso ukabwerako ku Soche, undilemberenso undiuze zimene akuuza.