Kodi nanenso ndili ndi autism ngati mwana wanga?

FUNSO: Anti, ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Chilomoni. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 6 adokotala ku Queens anamupeza ndi autism. Nde pomwe amandifunsa mafunso aja, zoti kodi amadana ndi phokoso, amayang'ana anthu m'maso, amavuta mukamusinthira zomwe anazolowera, ine mumtima ndimangoti koma ameneyotu ndi ineyo. Kuyambira ndili mwana amandinena kuti ndine wodzimva. Mumsika wa Limbe ndimatulukamo mutu ukuwawa, ku Mvano ndimayesetsa kucheza koma ndikafika pakhomo ndimadzitsekera kuchipinda. Zingatheke munthu wa zaka 34 kukhala nayo osadziwa? Nanga ndinamupatsira ndine?

YANKHO: Achemwali, zimatheka kwambiri, ndipo azimayi ambiri amadzizindikira chonchi, mwana akapimidwa. Autism ndi kusiyana kwa mmene ubongo umagwirira ntchito, makamaka pa kucheza ndi anthu ndi kumva zinthu ngati phokoso. Munthu amabadwa nayo, siyiyamba ukakula, ndipo imayenda kumtundu. Anyamata amapezeka nayo kuposa atsikana katatu kapena kanayi, koma chifukwa chimodzi nchoti atsikana amabisa, amaonera anzawo mmene akusekera, kuloweza moni ndi mayankho, kudzikakamiza kuyang'ana munthu kumaso, nde kutopa mukunenako kumachokera pamenepo. Komanso kwathu kuno mtsikana wachete, woyang'ana pansi, timati waulemu, ndani akanakayikira?

Zoti munamupatsira zichotseni mumtima. Si matenda opatsirana, si ufiti, si katemera, si kaleredwe kanu. Zomwe mwana amatengera kumtundu zimachokera mbali zonse, kwa abambo akenso, ndipo palibe kholo limasankha.

Koma ine sindingakupimeni kudzera mkalata, poti nkhawa yaikulu kapena matenda okhumudwa nthawi zina zimafanana ndi zimenezi. Mukapitanso ndi mwana ku Queens afunseni adokotala akutumizeni kukiliniki ya za maganizo. Akatswiri opima akuluakulu ndi ochepa mMalawi muno, nde pakufunika kudekha. Lembani zonse papepala, ndipo ngati amayi anu kapena akulu anu alipo mupite nawo, chifukwa adokotala adzafunsa za ubwana wanu.

Mankhwala ochotsa autism kulibe, osawononga ndalama. Musadikirenso pepala la kuchipatala kuti muyambe kudzisamalira. Kumsika pitani mmamawa anthu asanachuluke, kumisonkhano tsanzikani msanga osachita manyazi, ndipo abambo akunyumba muwafotokozere kuti mukadzitsekera kuchipinda simunakwiye, mukupumula. Mwanayo naye akatseka makutu muminibasi, inu mukudziwa kale chomwe chikumupweteka, nde afotokozereni aphunzitsi ake.